Chisoli Chisathere pa Agogo

Munthu wotsika basi ku Rufunsa, pa msewu waukulu wochokera ku Lusaka kupita ku Chipata, amamva Chinyanja pamsika ponse. Koma akapatuka kuloŵa m'midzi ya mafumu Mpanshya, Bunda Bunda ndi Shikabeta, amapeza okalamba akucheza m'Chisoli, chinenero cha eni dziko lino, chimene chili pachibale ndi Chilenje, Chitonga ndi Chiila.

Nanga bwanji adzukulu ambiri amayankha agogo ao m'Chinyanja? Chifukwa china chili kusukulu. Zambia inasankha zinenero 7 zogwiritsa ntchito m'masukulu ndi pawailesi: Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale. Chisoli mulibe. Pamene boma linalamula mu 2014 kuti ana a Giredi 1 mpaka 4 aziphunzira m'zinenero za makolo, chigawo cha Lusaka chinapatsidwa Chinyanja. Motero mwana wa Msoli analoŵa m'kalasi nkusiya chinenero cha amake pakhomo.

Ngakhale Chinyanjacho sichimodzi ai. Cha m'buku chimati "ndifuna" ndi "tsopano". Cha m'tauni chimene anyamata amabwera nacho kuchokera ku Lusaka chimati "nifuna" ndi "manje". Palibe cholakwa pamenepa, pakuti chinenero chimayenda ndi malonda, maukwati ndi maulendo. Chodetsa nkhaŵa nchakuti gogo akafuna kulangiza mdzukulu ndi mwambi, mwanayo amangoti kukamwa yasa. Pa mwambo wa Chibwela Kumushi kwa mfumu Bunda Bunda, kodi ndi achinyamata angati amene amamvetsa nyimbo zimene akuvinira? Mau akatayika, nzeru za m'katimo zimapita nao kumanda.

Mpingo sunanyozepo chinenero chifukwa choti eni ake ngochepa. Pa tsiku la Pentekoste aliyense anamva uthenga m'chinenero cha kwao, ndipo mu 1963 Msonkhano Wachiŵiri wa Vatican unatsekula khomo kuti tizipembedza m'zinenero zathu.

Tsono inu makolo, ntchitoyi iyambire panyumba. Lolani ana aphunzire Chinyanja ndi Chingerezi, pakuti adzazifuna kuchipatala, kusukulu ndi kuntchito. Koma madzulo, mukatha kudya nsima, apatseni agogo mpata wosimba nthano m'Chisoli. Kumphakati nakonso, pemphero limodzi kapena nyimbo imodzi ikhale ya m'Chisoli. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.