Kodi moyo wa wakabaza ndi ndalama zingati?

Chichulukireni njinga zamoto za kabaza m'matauni, sichachilendonso kupeza amayi amasiye pakhonde la khoti akudikira mlandu wa chipukuta misozi.

Mmodzi wa iwo ndi mayi wa ku Ndirande amene timubisa dzina. Anafika m'mamawa atamanga duku lakuda, mwana ali kumbuyo, m'manja atagwira jumbo yomangidwa kawiri. M'jumbomo munali lipoti la apolisi, chikalata cha imfa ndi kope lakutha m'makona momwe malemu amuna awo ankalembamo ndalama za tsiku lililonse: za mwini njinga, za mafuta, za ndiwo, za lendi. Masamba ena ali ndi zala za girizi. Bamboyo anawombedwa ndi minibasi yomwe inkapitirira galimoto ina pokhota. Mwini minibasi anagula bokosi, thumba la ufa ndi kabichi wa pamaliro, ndipo chiikireni maliro foni yake sipezeka.

Zoti dalaivala anayendetsa mosasamala palibe akutsutsa. Analipira chindapusa, koma ndalama imeneyo ndi ya boma, siifika kusiwa. Mkangano wagona pa kope lija.

Powerengera chipukuta misozi cha amene ankadalira malemu, makhoti amatenga ndalama zomwe munthuyo ankapeza pamwezi, n'kuchulukitsa ndi miyezi 12, kenako ndi zaka zomwe akanapitiriza kudyetsa banja. Kawirikawiri amachotsapo gawo limodzi mwa magawo atatu poti malemuyo naye ankadya ndi kuvala. Kwa wapantchito yolembedwa nkhani n'njosavuta, amangoonetsa pepala la malipiro. Nanga wakabaza, wogulitsa mandasi kapena mlimi?

Oimira kampani za inshuwalansi amati kope lolemba munthu yekha si umboni wokwanira, poti aliyense angathe kulemba usiku umodzi. Pakasowa umboni, makhoti amakonda kutsamira pa malipiro otsikitsitsa omwe boma linakhazikitsa. Oimira amasiye amati kutero n'kupondereza anthu ambiri m'dziko muno, omwe amadya za thukuta lawo popanda lisiti. Iwo amafunsa kuti ngati bambo ankalipira lendi ndi fizi mwezi ndi mwezi, ndalamazo zinkachokera kuti.

Kumudzi nakonso mayiyu sakupuma. Akuchimuna ena akuti kusuma n'kugulitsa mtembo, pomwe ena ayamba kale kufunsa za gawo lawo. Komatu lamulo limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu, ana ndi makolo, ndipo limalola kusumira mwachindunji kampani ya inshuwalansi ya galimoto yomwe inachita ngozi.

Mabanja ambiri amayamba adikira kuti chaka chithe, amange chiliza, mitima ikhale pansi. Nthawi yokasuma mlandu wotere ndi zaka zitatu zokha, koma ziwiri posumira mwachindunji kampani ya inshuwalansi, ndipo khoti siliwerengera kuti chiliza chinamangidwa liti.