Mabatire Ofanana Nkhope, Osiyana Mphamvu

M'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Chambe ku Mulanje, wofuna kudzipangira chosungira magetsi a dzuŵa angadalire timabatire ta lithium tochotsedwa m'malaputopu akale, pakuti tatsopano n'tosoŵa ndiponso n'tokwera mtengo.

Komatu timabatireti n'tosiyana. Ta 18650 ta m'malaputopu timapereka mavolti 3.7, pamene ta LiFePO4 timapereka 3.2, kotero kuti tinayi totere timakwanira bwino pa nyale za mavolti 12. Ka 18650 kenikeni kamalekezera cha pa 3,500 mAh. Kolembedwa 9,900 n'kachinyengo.

Kusakaniza mitunduyi, kapena kusiya kachipangizo ka BMS koletsa kudzaza mopyola muyezo, kungabutse moto, ndipo denga laudzu silichedwa kuyaka. Choncho mmisiri wanzeru amayamba wayeza kabatire kalikonse asanalumikize.