Mapiri Aatali, Nyanja Yakuya, Madzi Owira: Zoposa Zonse Kummwera kwa Niassa

Imani pa Mandimba, pafupi ndi chipata cha Chiponde. Kumadzulo kuli nyanja yakuya modabwitsa. Kum'mawa kuli mapiri a miyala yokhayokha. Pansi pa nthaka pali moto umene suzima. Dera ili ndi la zinthu zikuluzikulu!

Chigawo chachikulu koposa

Niassa. Masikweya kilomita pafupifupi 129,000. Palibe chigawo china m'Mozambique chofika pamenepo. Dziko la Malawi, ndi madzi ake omwe, ndi masikweya kilomita 118,484. Ndiye kuti Malawi yense, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, akhoza kulowa m'chigawo chimodzichi, malo n'kutsalako. Nanga anthu? Kalembera wa 2017 anapeza osakwana 2 miliyoni. Mzinda wa Lilongwe ndi boma lake, paokha, ali ndi anthu ochuluka kuposa pamenepa. Thengo la maso patalipatali.

Phiri lalitali koposa kumpoto kwa Mozambique

Tauni ya Cuamba inagona patsinde pa mapiri a Mitucué. Koma mfumu ya mapiri onse ili kummwera chakum'mawa, pafupi ndi Gurué m'chigawo cha Zambézia. Namuli! Mamita 2,419. M'Mozambique monse limagonjera phiri la Binga lokha. Phiri la Zomba litaimikidwa pambali pake, Namuli akanaliyang'anira pansi ndi mamita opitirira 300. Kumutu kwake kuli thanthwe losalala, lotsetsereka ngati khoma. Kunsi kwake kuli minda ya tiyi. Alomwe ndi Amakhuwa amati makolo awo anachokera pa phiri limeneli, ndipo mpaka lero dzina la Namuli limatchulidwa mwaulemu ku Thyolo, ku Phalombe ndi ku Mulanje. Ofuna lalitali kuposa apa awoloke malire: Sapitwa wa ku Mulanje, mamita 3,002.

Dzenje lakuya koposa

Kuno amati Lago Niassa. Kutsidya amati Nyanja ya Malawi. Madzi ndi amodzi omwewo. Pakuya kwambiri ndi mamita pafupifupi 700. Mabwalo a mpira asanu ndi awiri, oimikidwa chilili, lina pamwamba pa linzake! Pamwamba pa madziwa pali pa mamita osakwana 500 kuchokera pomwe pali nyanja ya mchere. Pansi pake ndiye pamapitirira kutsika, mamita oposa 200 kunsi kwa mafunde a ku Nacala. M'litali ndi makilomita opitirira 560. Ndipo palibe nyanja ina padziko lapansi yokhala ndi mitundu ya nsomba yambiri chotere: mbuna, utaka, chambo, mazanamazana.

Nkhalango yaikulu koposa

Pafupi ndi Mandimba pali Nyanja ya Amaramba, mphwake wa Nyanja ya Chiuta. Pamenepo ndi pomwe pamatulukira mtsinje wa Lugenda. Utsateni chakumpoto, mukalowa m'nkhalango yotetezedwa ya Niassa. Masikweya kilomita 42,000. Yaikulu koposa m'Mozambique. Yaikulu kuposa chigawo chonse chapakati cha Malawi. Nkhalango ya Kruger ya ku South Africa ikhoza kulowamo kawiri. Njovu, mikango, mimbulu, mphalapala, ndi mapiri a miyala otumphuka pakati pa miombo ngati zulu zazikulu.

Madzi otentha koposa

Chimene chinakumba nyanja ndi chomwenso chimawiritsa madzi. Nthaka ya kuno ikung'ambika pang'onopang'ono, m'chigwa chachikulu cha Rift Valley. Madzi a mvula amalowa m'ming'alu, n'kutsika mpaka ku miyala yotentha. Akatenthedwa amabwerera kumtunda akufuka nthunzi. Popanda nkhuni. Popanda makala. Usana ndi usiku!

Ku Nkhotakota anawatcha dzina lowayenera: Mawira. Anthu amasambapo, amachapirapo. Ku Liwonde, m'chigwa cha Shire, aliponso. Koma katswiri wa onse ndi wa ku Chiweta m'boma la Rumphi, pansi pa mapiri otsetserekera kunyanja. Madigiri pafupifupi 80. Chala sichipirira. Dzira limapsa.

Akasupe ochuluka koposa

Pa nkhani ya mawira, dziko la Japan ndi chimphona. Akasupe otentha oposa 27,000! Ambiri ali kumidzi, m'zigwa za pakati pa mapiri. Kasupe wa Tamagawa, m'chigawo cha Akita, amalavula malita 9,000 pa mphindi imodzi, pa madigiri 98. Zidebe 450 za malita 20, mphindi iliyonse. Munthu asanamalize kupereka moni, mudzi wonse watunga. Ku Jigokudani, m'chigawo cha Nagano, ngakhale anyani amakhala m'madzi ofunda kuthawa chisanu, mitu yokha ili pamtunda.

Malo ogona akale koposa

Hotela ya Nishiyama Onsen Keiunkan, m'mapiri a Yamanashi, ku Japan komweko. Inatsegulidwa m'chaka cha 705. Zaka zoposa 1,300 ikulandira alendo! Buku la Guinness limati ndiyo hotela yakale koposa padziko lonse. Pomwe inkatsegulidwa, makoma a Great Zimbabwe anali asanamangidwe. Ufumu wa Maravi kunalibe. Koma kumeneko mlendo ankafika, n'kuvula, n'kulowa m'madzi otentha ochokera m'phiri. Chimene chasunga khomo lotsegula zaka zonsezi ndi kasupe.

Msewu wokwera koposa

Kuchokera ku Cuamba kupita ku Lichinga ndi makilomita pafupifupi 300, kudzera pa Mandimba ndi pa Massangulo, likulu la boma la Ngauma, pomwe pali mishoni yakale ya Katolika. Msewuwo umangokwera. Lichinga ili pa mamita oposa 1,300, pamwamba kuposa Blantyre, ndipo mu June bulangete limodzi silikwana. Mbali ina ya tala wake inamangidwa ndi ngongole yochokera ku Japan, dziko la akasupe lija.

Wozizidwa ku Lichinga atsike ndi msewu womwewo. Mandimba, Chiponde, Namwera, Mangochi, Liwonde. Dzuwa lisanalowe akapeza madzi akufuka nthunzi, osasonkhezera munthu.