Chaka Chatsopano ku Ekurhuleni: Tiwerengere Matumba Tisanalonjeze

Mwezi wa Januwale ukayamba, Amalawi ambiri amene amagwira ntchito ku Tembisa, Germiston, Benoni ndi Kempton Park, m'dera la Ekurhuleni, amabwerera ku ntchito m'matumba muli mbee. Ndalama zatha ndi ulendo wa Khirisimasi ndi mphatso za abale. Nthawi yomweyi kumudzi chimanga chili m'munda ndipo chikufuna feteleza wobereketsa. Apa ndi pamene ambiri amalonjeza kuti chaka chino amanga nyumba ya malata, agula ng'ombe, ndiponso banja lonse likolola chimanga chokwanira. Zolinga zonsezi n'zabwino, koma malipiro a munthu mmodzi sangazikwanitse pa chaka chimodzi.

Ulendo wa ku Joni si wachilendo kwa ife. Makolo athu ankapita ku migodi kudzera ku Wenela mpaka 1974, pamene ndege inagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi 74, boma n'kuimitsa kulemba anthu ntchito ya ku migodi. Lero njira zasintha, koma munda wa kumudzi ukudalirabe thukuta la amene ali kunja. N'chifukwa chake cholinga cha chaka chiyenera kuyambira pa chakudya, ndipo chiyenera kukhala chowerengeka.

Yambani ndi nkhokwe

Funsani kumudzi kuti banja limadya matumba angati pa mwezi. Ngati limatha matumba awiri a makilogalamu 50, ndiye kuti pa chaka likufuna matumba 24, kapena makilogalamu 1,200. Alimi ang'onoang'ono ku Malawi amakolola pafupifupi matani awiri pa hekitala chaka cha mvula yabwino. Pa ekala imodzi, imene ndi mahekitala 0.4, zimenezi ndi matumba 16 okha. Choncho banja lolima ekala imodzi likuperewera matumba 8. Cholinga chenicheni cha chaka chino chingakhale kupeza matumba 8 amenewo. Ichi n'chotheka, ndipo pofika Meyi mudzadziwa ngati mwachikwanitsa.

Nthawi ya ndalama

Kafukufuku wa chimanga wasonyeza kwa zaka zambiri kuti feteleza wothiridwa mochedwa sapindula mofanana ndi wothiridwa pa nthawi yake. Wokulitsa amathiridwa pobzala kapena chimanga chikangomera, ndipo Urea amatsatira patapita milungu itatu kapena inayi. Ndalama yotumizidwa pa Khirisimasi imapeza nthawi ya wokulitsa itadutsa kale. Choncho gawani mtengo wa mbewu ndi feteleza m'miyezi isanu ndi inayi, kuyambira Januwale mpaka Sepitembala, ndipo zipangizo zigulidwe mvula isanagwe. Magulu osonkherana ndalama mosinthana, amene kuno amawatcha stokvel, angathandize ngati mutapempha kuti tsiku lanu lolandira likhale mu Ogasiti kapena Sepitembala. Kumbukiraninso kuti mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya zipangizo n'kukwera. Werengerani cholinga chanu m'matumba a feteleza, chifukwa mtengo wake mu kwacha umasintha.

Munda wochepa wosamalidwa bwino

Malangizo amene akhala akuperekedwa kwa nthawi yaitali pa chimanga cha hayibulidi ndi matumba awiri a wokulitsa ndi atatu a Urea pa hekitala. Ngati mwakwanitsa thumba limodzi la mtundu uliwonse, athire pa ekala imodzi basi. Kumwaza feteleza yemweyo pa maekala atatu n'kutaya ndalama. Mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando, ndipo kupalira koyamba kuchitike milungu itatu isanathe. Malo otsalawo mubzalemo mtedza, soya kapena nandolo, mbewu zimene zimawonjezera chonde m'nthaka. Mtedza wa CG7, umene unatulutsidwa mu 1990 pambuyo pa kafukufuku wa ku Chitedze, ndi umodzi mwa mitundu yodziwika bwino. Alimi a ku Ekwendeni asonyezanso kuti nandolo ndi mtedza zimakula bwino m'munda umodzi.

Siyani malo a chaka choipa

Mbozi zowononga chimanga zochokera ku America zinafika ku Malawi m'nyengo ya 2016/17. Namondwe wa Freddy anawononga minda ya kumwera mu Malichi 2023, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha chilala cha El Niño. Wokonzekera bwino amasunga ndalama ya matumba angapo a chimanga padera, amasankha mbewu yocha msanga kumadera a mvula yochepa, ndipo amagulanso mankhwala kapena matumba osalowa mpweya kuti nankafumbwe asadye zokolola.

Abale athu a ku Ekurhuleni, lembani cholinga chimodzi pa pepala, mugwirizane ndi amene akulima kumudzi, ndipo iwo akaonane ndi mlangizi wa m'dera lawo. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Banja likadya chaka chonse osagula chimanga, ndalama ya malata idzapezeka chaka chamawa.