Jakisoni wa pamsana: agogo akathyoka mwendo, tisakane tisanamve

Asilamu anzathu, chiyambire namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, kuno ku Phalombe taona anthu ambiri othyoka miyendo. Koma munthu wokalamba safuna namondwe kuti athyoke. Kuterereka pochita wudhu kubafa n'kokwanira kuthyola fupa la m'chiuno. Akafika naye ku Holy Family, kuchipatala cha boma ku Migowi, kapena akamutumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre, achibale amamva mawu oti "tiwabaya pamsana", ndipo ena amakana pomwepo poopa kuti agogo apuwala. Mantha amenewa tiwaunike.

Njira zazikulu ndi ziwiri. Yoyamba ndi kumugoneka munthu tulo tofa nato. Apa mankhwala amafooketsa kupuma, choncho kawirikawiri amalowetsa kapaipi kukhosi n'kumamupumitsa ndi makina. Wachinyamata amadzuka bwino. Wokalamba amene mapapo ake anatopa ndi fodya, utsi wa nkhuni, mphumu kapena chifuwa chachikulu chakale, amatha kuvutika akamuchotsa kapaipiko: makhololo amadzadza, kutsokomola kumakanika, chibayo n'kulowa.

Yachiwiri ndi jakisoni wa pamsana, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1898 ndi dokotala August Bier ku Germany. Singano yopyapyala imalowa kumunsi kwa msana, pansi pa pomwe chingwe chachikulu cha mitsempha chimathera. Mankhwala ake, amene nthawi zambiri ndi bupivacaine, amachititsa dzanzi kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi kwa maola awiri kapena atatu, kenako miyendo imabwerera. Chimene chimatikondweretsa ife ndi ichi: mnofu waukulu wopumira, umene uli pansi pa mapapo, umalamulidwa ndi mitsempha yochokera m'khosi, kutali ndi pomwe abayapo. Agogo amapuma okha, ali maso, ndipo akhoza kumachita zikiri madokotala akugwira ntchito. Pali inanso yaing'ono, yobaya pafupi ndi mtsempha wa m'mphechepeche. Imachepetsa ululu kuti wodwala asapatsidwe morphine wambiri, amene nayenso amafooketsa kupuma.

Tisanamizane kuti pamsana palibe vuto. BP imatha kutsika, mutu umatha kupweteka masiku angapo, ndipo mankhwala akakwera kwambiri m'mwamba kupuma kumavuta. N'chifukwa chake wogonetsa sachoka pambali pa wodwala, maso ali pa kachipangizo kopanira chala koyeza okosijeni. Kupuwala kumene timakuopako n'kosowa kwambiri. Komanso kafukufuku wa REGAIN wa 2021, pa odwala 1,600 othyoka m'chiuno ku America ndi Canada, anapeza kuti patatha masiku 60, amoyo ndi oyenda anali ofanana m'njira zonse ziwiri. Ndiye kugoneka tulo si chiweruzo cha imfa ayi. Kungoti uko zipinda za odwala mwakayakaya n'zambiri, pamene kuno makina opumitsa munthu ndi owerengeka, ndipo kusunga mpweya wa agogo m'manja mwawo momwe n'kwanzeru.

Udindo wathu odikirira odwala ndi kunena zoona zonse. Kodi agogo amatha kugona chagada osabanika? Amapuma wefuwefu akayenda pang'ono? Amasuta kapena kufwenkha fodya? Amamwa mankhwala oletsa magazi kuundana, kapena azitsamba? Tisabise pochita manyazi, pakuti mayankho amenewa ndi amene amasankha njira. Akanena kuti asadye maola 6, tisawapatse phala mobisa pomva chisoni, chifukwa chakudya chikabwerera n'kulowa m'mapapo ndi ngozi yaikulu.

Kumbali ya Dini, maulama amagwirizana kuti mankhwala ochotsa ululu pa opaleshoni ndi ololedwa, si kuledzera. Mayi wachikulire ali ndi ufulu wopempha kuti afunditsidwe paliponse kupatula pobayapo. Wogonekedwa tulo wudhu wake waonongeka, ndipo Swala imene yamudutsa aibweze akatsitsimuka. Wosatha kuima aswali chokhala, wosatha kukhala aswali chogona. Ngati ndi mwezi wa Ramadhan, wodwala amasule, adzabweza akachira, Insha Allah.

Akatuluka kufiyeta, atsamiritseni m'malo mowagoneka chagada tsiku lonse, muziwakumbutsa kukoka mpweya wambiri ndi kutsokomola ola lililonse ali maso, ndipo anamwino akanena kuti adzuke, athandizeni kudzuka ngakhale akudandaula.