Penti wa Labala pa Ngolo ndi Wilibala

Amene mwakwerapo kumbuyo kwa Hilux kapena Isuzu pa msewu wa Chipata kupita ku Mfuwe mwaona kuti pansi pa bodi pamakhala pakuda ndi pokhakhala. Ameneyo ndi penti wokhuthala wa polyurethane, amene ambiri amangomutcha labala. Ophunzira angapo atifunsa ngati angatetezenso ngolo ndi wilibala ku dzimbiri. Tikuti inde, koma pa chitsulo chokonzedwa bwino, ndiponso osati pa chipangizo chilichonse.

Kuno ku Kasenengwa ngolo sizitha ndi mvula yokha. Feteleza wa Urea kapena D Compound akatayikira m'ngolo amakoka chinyezi, ndipo madzi akewo amadya chitsulo m'makona ndi m'malo owotcherera. Manyowa onyowa amachita chimodzimodzi. Penti wamba sachedwa kupalika ndi fosholo, njerwa ndi mchenga, pamene wa labala amapirira kukhulako ndipo matumba satsetsereka pa chitunda.

Ntchito yaikulu ili pa kukonza chitsulo. Yambani mwatsuka ngolo ndi madzi a sopo kuti feteleza ndi mafuta zichoke, ndipo iume. Palani dzimbiri ndi burashi ya waya ndi sanipepa mpaka chitsulo chiwale. Penti wakale amene akali wolimba mungomukhakhalitsa. Pali bowo, pawotcheredwe tsopano, chifukwa kutentha kwa welding kumapsereza labala ndi kutulutsa utsi woipa. Pa chitsulo choyeracho pakani penti woyamba amene chitini chalamula. Apa m'pamene ambiri amathamanga, ndipo ife tinaphunzira ndi wilibala yathu ya ku khola. Tinaipaka pamwamba pa dzimbiri. Kunja inkaoneka yatsopano, koma dzimbiri linkayenda pansi mobisika, mpaka labala anasendeka ngati khungu la mbatata yophika, n'kusiya chitsulo chodyeka kuposa kale.

Mitundu ina, monga Raptor, imabwera ndi mankhwala oumitsa m'botolo lapadera. Mukasakaniza muli ndi ola limodzi lokha, ndipo pa kutentha kwa mu Okutobala nthawiyo imachepa. Sakanizani pang'onopang'ono. Pakani ndi rola m'mawa, pa mthunzi, panja popita mpweya, tsiku lopanda fumbi, mutavala magolovesi. Musapopere popanda chotchinga mphuno choyenera, pakuti mankhwalawo amawononga mapapo. Pakani kawiri mopyapyala, osati kamodzi mokhuthala, ndipo ngolo ipume sabata yathunthu isananyamule katundu. Zonsezi zithe mvula ya mu Novembala isanagwe.

Pulawo ndi ripa musazipake m'malo olowa m'nthaka. Chikhasu cha pulawo chimafunika kuterera kuti dothi lisakakamire. Mukachikhakhalitsa, ng'ombe ndizo zidzavutike kukoka. Pamenepo girisi kapena oyilo wakale pomaliza kulima ndi wokwana. Musapakenso mabawuti, mabering'i, injini ya pampu, chomwera ziweto, ngakhale m'kati mwa makina opukusira chimanga, mmene tizidutswa take tingagwere m'chakudya.

Penti ameneyu ndi wodula. Musanapite ku Down Shops, yezani pansi pa ngolo ndi m'mbali mwake kufika chikhatho chimodzi m'mwamba, mugule wokwanira pamenepo. Kwina konseko penti wa red oxide amakwana. Ngolo ikamagona, iimikeni mopendekeka pansi pa denga kuti madzi asakhazikike m'bodi.