Chimatulutsa matimu akumudzi mu Super League n'chiyani?

Aliyense amene wakulira pakati pa minda ya tiyi kuno ku Thyolo akudziwa kuti mpira ulipo wambiri. Kuyambira ku Makwasa mpaka ku Luchenza, mabwalo a m'masukulu ndi a m'maesiteti sakhala opanda anthu Lamulungu masana. Komatu n'kawirikawiri kuyang'ana mndandanda wa matimu a mu Super League osapezapo ngakhale limodzi la m'boma lino. Bvumbwe Research inalowamo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, sinakhalitse, ndipo sinabwereremonso. Anzathu a ku Mulanje anaona zomwezi posachedwapa ndi timu ya FOMO, ndipo nkhani yake ingatithandize kumvetsa pamene pagona vuto.

Dzina loti FOMO ndi chidule cha Friends of Mulanje Orphans, bungwe losamalira ana amasiye limene mayi Mary Woodworth anayambitsa m'chaka cha 2000. Timu ya mpira inabadwira m'bungweli. Mu 2023 inapambana ligi ya m'chigawo cha kummwera, ndipo mu 2024 inayamba kusewera mu TNM Super League, n'kumalandira alendo ake pa bwalo la Mulanje Park. Anthu othyola tiyi anaona ndi maso matimu monga Bullets ndi Wanderers m'munsi mwa phiri lawo. Koma chisangalalo chinali cha chaka chimodzi. Ligi itatha, FOMO inali m'gulu la matimu atatu otuluka, pamodzi ndi Baka City ya ku Karonga ndi Bangwe All Stars ya ku Blantyre. Baka City nayo inali itangolowa chaka chomwecho. Ngakhale Nchalo United, ya kuminda ya nzimbe ku Chikwawa, inalowa ndi kutuluka m'chaka chimodzi mu 2018.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyambe ndi mmene ligiyi imayendera. Muli matimu 16, ndipo timu iliyonse imakumana ndi inzake kawiri, pakwawo ndi koyenda. Ndiye kuti pa chaka pali masewero 30, ndipo 15 mwa amenewa ndi a koyenda. Atatu otsiriza amatuluka. Mu ligi ya m'chigawo, timu ya ku Mulanje kapena Thyolo imatha kunyamuka m'mawa, kukasewera ku Blantyre kapena ku Zomba, n'kubwerako tsiku lomwelo. Mu Super League muli maulendo a ku Lilongwe, Mzuzu ndi Karonga. Kuchoka ku Mulanje kukafika ku Karonga ndi makilomita oposa 800, ndipo pamafunika basi, mafuta, malo ogona ndi chakudya cha gulu lonse kwa masiku angapo. Tisaiwale kuti mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, kotero FOMO inalowa mu ligi mitengo ya zonsezi itangokwera kumene.

Chachiwiri ndi kusiyana kwa eni matimu. Silver Strikers, imene inatenga ligi ya 2024, ndi ya Reserve Bank of Malawi. Kamuzu Barracks, Moyale ndi MAFCO ndi za asilikali, pamene Blue Eagles ndi ya apolisi. Osewera ambiri a matimu a asilikali ndi apolisi ali pa ntchito ya boma, choncho timu ipambane kapena igonje, malipiro awo amabwera pakutha pa mwezi. N'chifukwa chake Blue Eagles itatuluka mu 2023 sinamwazikane. Mu 2024 inatenga chikho cha FDH Bank ikusewera mu ligi yaing'ono, n'kubwerera mu Super League patangotha chaka. Timu yakumudzi ilibe mtsamiro wotere. Imadalira ndalama zapakhomo, zimene amagawana ndi mabungwe oyendetsa mpira, ndiponso thumba la munthu mmodzi kapena awiri akufuna kwabwino. Munthuyo akatopa, timu nayo imafooka. Onjezani apo malamulo a FAM opezera chiphaso, amene amafuna bwalo lovomerezeka, aphunzitsi a mapepala ndi makontirakiti a osewera. Malamulowa ndi abwino, koma onse ndi ndalama.

Chachitatu ndi kuchoka kwa osewera. Mnyamata akawala m'timu yaing'ono, matimu a m'tauni amamuona msanga, ndipo palibe angamudzudzule akapita kumene kuli malipiro okhazikika. Kuno kumaesiteti vutoli lili ndi nkhope inanso. Ntchito yothyola tiyi imachuluka m'nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo ikachepa ambiri amaima. Mpira nawo umaseweredwa kwambiri m'miyezi yopanda mvulayo, nthawi imene anyamata amapita kukasaka maganyu ku Limbe, ena mpaka ku Joni. Mphunzitsi amene anali ndi gulu lodzaza mu Epulo akhoza kusowa goloboyi pofika Ogasiti.

Mavuto otere si a kuno kokha. Kumpoto kwa Scotland, dziko limene kunachokera Maclean Kay yemwe anayambitsa esiteti ya Satemwa mu 1923, kuli masewero otchedwa shinty. Amafanana ndi hockey: mbali iliyonse imakhala ndi anthu 12, ndipo amamenya kampira ndi ndodo yokhota yotchedwa caman. Osewera salipidwa, ndipo matimu ambiri ndi a m'midzi ing'onoing'ono ya kumapiri, kumene achinyamata amachokako kupita ku Glasgow kapena Inverness kukaphunzira ndi kukagwira ntchito. Kumeneko kuli timu ya Kinlochshiel, imene inabadwa madera atatu oyandikana, Kintail, Lochalsh ndi Glenshiel, ataphatikiza mphamvu zawo, ndipo dzina lake ndi zidutswa za maina atatuwo. Kwa zaka zambirimbiri inali timu wamba, zikho zikungopita ku Kingussie ndi Newtonmore. Koma mu 2017 inatenga ligi yaikulu koyamba, ndipo mu 2021 inatenga chikho cha Camanachd, chimene chakhala chikulimbiranidwa kuyambira 1896.

Tisanamizane, Scotland ndi dziko lolemera, misewu yake ndi yabwino, ndipo wosewera wa shinty sayembekezera kudyetsa banja ndi masewero. Komabe pali zimene tingatengepo. Midzi itatu inaona kuti payokhapayokha siingathe, inagwirizana. Ndipo timu yosalipira osewera singagule anthu, imangodalira ana amene yawalera yokha kuchokera kusukulu zapulayimale. Kuno ku Thyolo timachita zosiyana: pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi katimu kake, timatimu tambiri timadzuka pakamveka za bonanza, makamaka nthawi ya kampeni, ndipo zikho zikagawidwa timagonanso. Mutu umodzi susenza denga, koma ife denga la mpira timalisiyira mutu umodzi.

Chaka cha 2025 chinabweretsa kusintha kumodzi. FAM inayambitsa National Division League, ligi ya dziko lonse yokhala pakati pa maligi a m'zigawo ndi Super League. Ubwino wake ndi woti timu imazolowera maulendo ataliatali ndi kasungidwe ka ndalama isanakumane ndi akuluakulu. Kuipa kwake ndi koti maulendo omwewo tsopano akuyamba msanga, timu isanakhale ndi dzina lokopa makampani. Makwerero atalika, ndipo wofuna kukwera ayenera kukonzeka kwa zaka, osati miyezi.

Nanga boma ngati lathuli lingatani? Mabwalo ambiri abwino ali pa malo a maesiteti ndi a masukulu, choncho timu imafunika mgwirizano wolembedwa ndi eni malo, osati chilolezo chapakamwa chimene chimatha bwana akasamutsidwa. Komiti imafunika buku la ndalama loti sapota aliyense atha kuliona, chifukwa anthu amasonkha mosanyinyirika akadziwa kumene ndalama zawo zikupita. Ndipo matimu oyandikana atha kugwirizana pa timu imodzi yoimira dera lonse, ang'onoang'onowo n'kumaidyetsa osewera.

Koma maziko enieni ali kusukulu. M'mera mpoyamba. Mphunzitsi amene amalemba mizere pabwalo ndi phulusa, n'kumayendetsa ligi ya makalasi teremu iliyonse, ya anyamata ndi atsikana omwe, ndiye amachititsa kuti wosewera mmodzi akapita ku Blantyre papezeke wina wolowa m'malo mwake. Timu yotere ikhoza kutuluka mu ligi ngati mmene inachitira FOMO, koma chaka chotsatira imapezekanso pabwalo.